Dzanja la Apongozi pa Giya

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu amene wandisunga mpaka imvi zadzaza mutu, ndipo sanandibwezere molingana ndi zochita zanga. Ndimthokozenso chifukwa cha apongozi anga aamuna, amene anandilandira pakhomo pawo ku Lirangwe ndili mphunzitsi wa malaya awiri, nandipatsa mwana wawo, malo omangapo nyumba ndi munda. Zimene ndilembe pano ndi za iwo ndi galimoto yawo, komanso za pakamwa panga, pamene panatseguka pofunika kukhala chete, n'kudzatsekeka pofunika kuyankhula.

Apongozi anali dalaivala wa malole kuyambira unyamata wawo. Tsiku lina akutsitsa katundu, mgolo wa mafuta unawagwera pa bondo la kumanzere, mwendo uja n'kuuma ngati mtengo. Mwendo wa kumanzere ndi umene umaponda kilatchi, choncho ntchito ya malole inathera pomwepo. Anakhala pakhomo zaka zingapo akulima ndi kusoka mphasa, mpaka mayi ena achizungu, anamwino a ku mishoni, anawaitana. Mayiwo anali ndi galimoto ya mtundu umene kwathu sitinali tinauonapo, ya otomatiki, yosintha yokha magiya. Zopondera zake zinali ziwiri zokha, moto ndi buleki, zonse za phazi la kumanja. Apongozi anawayendetsa mayiwo zaka zambiri, ndipo pobwerera kwawo anawasiyira galimotoyo.

Inali yaikulu, yotuwa ngati phulusa, ndipo m'mudzi mwathu munalibe ina. Ndi imene inkanyamula odwala kupita nawo kuchipatala, amayi amene nthawi yawo yakwana, ndi mabokosi a maliro. Anthu ankaithokoza, komabe ena ankaiyang'ana cham'mbali. Galimoto yotere, giya ikakhala pa chilembo cha D, imakwawa yokha ngakhale usaponde moto, ngati ng'ombe yodziwa njira ya ku khola. Chimene chimaiimitsa ndi phazi pa buleki. Amene anaonapo zimenezi ankanong'onezana kuti munthu wa mwendo wakufa sangayendetse chinthu chachikulu chotere popanda chomuthandiza. Apongozi anali mkulu wa mpingo, ndipo akamva manong'onong'owo ankangoseka.

Anali ndi chizolowezi chimodzi. Paliponse pamene aima, ngakhale pang'ono chabe, dzanja lawo linkapita pa kamtengo ka giya kamene kanali pansi pa chiwongolero, n'kukankhira pa N, imene madalaivala amati nyutulo, kenako n'kukoka handibuleki. Poimapo m'zaka zimenezo panali pambiri. Tinkaima podutsa njanji, tinkaima ng'ombe zikamawoloka, tinkaima achinyamata a chipani akatchinga msewu kuti aone makhadi a umembala. Koposa zonse tinkaima pa masamba. Pakhomo pakagwa maliro, anthu amayala nthambi zaziwisi pamsewu, wa njinga amatsika n'kuikankha, wa chipewa amavula. Madalaivala ena ankangochepetsa liwiro. Apongozi ankaimiratu, kuchotsa giya, kukoka handibuleki, kuvula chipewa ndi manja onse awiri, n'kuweramitsa mutu kupempherera anamfedwa, ngakhale asakuwadziwa.

Ine ndinkayenda nawo kawirikawiri masiku opanda sukulu. Tsiku lina ndikufufuza m'kabokosi ka kutsogolo ndinapeza kabuku ka galimotoyo, ka Chingerezi, kamene mayi aja anaiwala. Apongozi sankawerenga Chingerezi. Ine ndinkachiphunzitsa, ndipo ndinkanyada nacho kuposa mmene ndinkadziwira. Ndinakawerenga konse, n'kupezamo mawu akuti munthu akaima kanthawi kochepa palibe chifukwa chochotsera giya, angoponda buleki. Ndinasangalala ngati ndatola ndalama panjira. Pakhomo paja ndinali mkamwini, wodya za m'munda wa eni, ndipo apa ndinali nditapeza chinthu chimodzi chimene ndinkadziwa kuposa eni khomo.

Pa Lirangwe panali makaniko wina, Msilamu, amene anayenda ndi apongozi pa malole kalekale. Ankagwirira ntchito pansi pa mtengo wa mbawa, kuseri kwa magolosale, ndipo pambali pake pankakhala amuna osewera bawo. Loweruka lina tinapita kukasinthitsa oyilo, ine kabuku kali m'thumba la malaya.

"Aphunzitsi abwera ndi buku," anatero amakaniko akupukuta manja. "Achimwene, lero galimoto yanu ilemba mayeso."

"Ikalephera muikwapule ndinu," anayankha apongozi. "Ine dzanja langa n'lofewa."

Ndinatsegula kabuku, n'kuwerenga mokweza m'Chingerezi kuti a bawo aja amve, kenako n'kumasulira.

"Bambo, bukuli likuti mukaima pang'ono musamachotse giya. Muzingoponda buleki basi. Zimene mumachitazi ndi za malole."

A bawo anasiya kusewera. Apongozi anandiyang'ana, akumwetulirabe.

"Analemba bukulo anali ndi miyendo iwiri yamoyo, aphunzitsi."

Anthu anaseka. Ine kusekako kunandipweteka, choncho ndinatembenukira kwa amakaniko kuti atiweruze.

"Buku silikunama," anatero iwo. "Kuchotsa ndi kubwezera kambirimbiri kumadya za m'katimu, ndipo giyabokosi ya mtundu uwu ikafa, sindikudziwa kumene tingakaipeze ina. Komatu kuima kuli mitundu, aphunzitsi. Pali kuima kwina..."

"Mwamva, bambo," ndinawadula. "Ikafa galimotoyi, odwala a m'mudzi muno adzayenda pa chiyani?"

Kumwetulira kwa apongozi kunachoka. Anayang'ana pansi, pa nsapato zawo, kwa nthawi ndithu, kenako anati, "Chabwino. Tamva." Amakaniko anandiyang'ana ngati akufuna kupitiriza, koma anangogwedeza mutu n'kulowa pansi pa galimoto.

Nkhani inafika kunyumba ife tisanafike. Mkazi wanga anadikira kuti ana atuluke.

"Mwakula mwendo pakhomo pa eni," anatero. "Bambo anga mukawaphunzitse pagulu, pamaso pa anthu a bawo?"

"Ndimateteza galimoto yawo yomwe."

"Galimotoyo inakudandaulirani?"

Sindinapepese. Kuyambira tsiku limenelo ndinkakhala pa mpando wa kutsogolo ngati woyang'anira mayeso. Tikaima, dzanja la apongozi linkanyamuka kupita pa giya mwa chizolowezi, n'kuima m'malere, n'kubwerera pa chiwongolero. Ndinkaona zimenezi ndipo mumtima ndinkati mwana wa sukulu akuphunzira. Chimene sindinkaona n'chakuti nthawi yonse imene taima, ankasuzumira pansi kuyang'ana phazi lawo.

Panali mkulu wa mpingo mnzawo amene anakangana nawo zaka zambiri za malire a munda wa kudimba. Ankakhala benchi imodzi kutsogolo kwa tchalitchi, ankagawira limodzi chikho cha mgonero, koma mudzi wonse unkadziwa kuti malire aja sanathe. Mkuluyo anadwala mwadzidzidzi, mimba n'kutupa, ndipo pasanathe sabata anamwalira. Mwana wake wamwamuna anali wapampando wa nthambi ya chipani kwathu. Masiku amenewo mawu amodzi a munthu wotero ankatha kuchotsa mphunzitsi pa ntchito, kapena kumutumiza kumene abale ake sangafunse.

M'mawa wa tsiku loika maliro zinamveka kuti mlongo wake wa malemu, mayi okalamba okhala ku Chileka, alibe choyendera. Apongozi anavala jekete lawo lakuda.

"Tiyeni tikawatenge, aphunzitsi. Za malire zinali za ine ndi iye. Mlongo wake sanandilakwire."

Tinakawatenga bwinobwino. Pobwerera tinapeza msewu wotsekedwa, chifukwa mtsogoleri wa dziko ankapita ku bwalo la ndege tsiku limenelo. Malole odzaza amayi ovala nsalu za chipani anali ndii m'mbali mwa msewu, ndipo palibe galimoto imene inkaloledwa kusuntha. Apongozi anazimitsa injini. Unali mwezi wotentha, mvula isanagwe. Tinakhala m'galimoto kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, osatuluka, poopa kufunsidwa chifukwa chimene sitikuombera m'manja. Mayi okalamba aja ankalira chapansipansi kumbuyo, akuti sakaona nkhope ya mlongo wawo. Ndinaona apongozi akumenyamenya ntchafu yawo ya kumanja ndi nkhonya, ndipo ndinayesa kuti akuthamangitsa tulo.

Titafika pa Lirangwe mwambo wa pakhomo unali utatha. Manda athu ali tsidya lina la msewu, ndipo tinakumana ndi maliro akuwoloka. Masamba anali pamsewu, amayi a mpingo ovala zoyera ali patsogolo akuimba, bokosi lili pa mapewa a amuna asanu ndi mmodzi. Apongozi anaima mapazi ochepa kuchokera pamene anthu ankadutsa. Dzanja lawo linanyamuka kupita pa giya. Anandicheukira. Sindinanene kanthu, koma ndikudziwa mmene nkhope yanga inalili. Dzanja lija linabwerera. Anavula chipewa ndi manja onse awiri, kuchiika pachifuwa, n'kutseka maso. Inenso ndinatseka anga.

Sindinamve galimoto ikusuntha. Chimene ndinamva ndi nyimbo ikuduka pakati. Potsegula maso ndinaona bampala itafika kale m'mawondo mwa amuna awiri a kumbuyo. Sinawagunde mwamphamvu, inangowakankha ngati ng'ombe yofuna kudutsa. Anagwada, bokosi linatsetsereka, linagunda boneti, n'kugwera pansi chakumiyendo, chivindikiro n'kung'aluka pang'ono. Apo m'pamene apongozi anakoka handibuleki.

Palibe amene anavulala kwenikweni. Injini yokha ndi imene inkamveka. Kenako mayi wina m'gulumo anayankhula, osakweza mawu.

"Amupeza."

Owerenga achinyamata mwina sangamve tanthauzo lake. Kwathu anthu ambiri ankakhulupirira kuti munthu akafa imfa yochita kupangidwa, bokosi lake limakana njira ya ku manda, limakoka onyamula mpaka likagunde amene anamupha. Ife a mpingo tinkati sitikhulupirira zimenezo. Koma tsiku limenelo ndinaona amayi ovala zoyera akubwerera m'mbuyo kutalikirana ndi galimoto, ndipo palibe mkulu wa mpingo amene anabwera pa windo kudzafunsa ngati tili bwino. Mwana wa malemu anayang'ana apongozi, anayang'ana ine, n'kuuza anthu kuti anyamule bokosi. Ku manda sitinafike.

Patapita masabata awiri abusa anabwera, ndipo bwalo la akulu a mpingo linakhala. Banja la malemu linali litadandaula. Ine ndinali mlembi wa bwalolo, ndinakhala pa tebulo ndi buku ndi cholembera. Mwana wa malemu analoledwa kukhala pafupi ndi chitseko. Mayi a ku Chileka aja anaitanidwa, ndipo ananena zoona zokhazokha, kuti mwini galimoto sanagwire chilichonse, manja anali pa chipewa, maso ali otseka.

"Akulu," anafunsa abusa, "munaponda moto?"

"Sindinaponde."

"Munafuna kudutsa?"

"Ayi, abusa."

"Nanga anaiyendetsa ndani?"

"Inayenda yokha."

M'chipindamo munadutsa kaphokoso ngati mphepo m'chimanga chouma. Abusa anali munthu wabwino, koma galimoto anali asanayendetsepo. Anafunsa ngati pali wina amene angathandize bwalo kumvetsa. Ndinkadziwa yankho lonse. Ndinkadziwa kuti galimoto zotere zimakwawa, kuti kwa zaka zonse mwini wake ankaimanga paliponse pamene waima, ndipo anasiya chifukwa cha ine. Ndinakweza mutu, maso anga n'kukumana ndi a munthu wa pa chitseko uja. Ndinaganiza za ntchito yanga, za ana anga atatu. Ndinaweramanso n'kumalemba. Mawu a Mulungu amatiuza za wophunzira amene anawotha moto pabwalo Mbuye wake akuweruzidwa m'kati. Iye tambala anamukumbutsa m'mawa womwewo. Ine panapita miyezi.

Bwalo silinanene kuti apongozi ndi mfiti, pakuti mpingo sunena zimenezo. Linati akhumudwitsa nkhosa, ndipo alephera kufotokoza. Linagamula kuti aime pa ukulu ndi pa mgonero mpaka nkhani idzaoneke bwino. Mawu amenewo ndinawalemba ndine, ndi zilembo zanga zokongola za uphunzitsi. Tonse tinkadziwa lamulo la mpingo wathu masiku amenewo, kuti munthu akamwalira ali pa chilango, maliro ake sayimbidwa nyimbo, ndipo amayi savala zoyera.

Apongozi sanaleke kupita ku tchalitchi. Ankakhala benchi ya kumbuyo, chipewa chili pa bondo louma lija, ndipo benchiyo inkakhala yawo yokha. Galimoto anaiimika pansi pa mtengo wa mango. Odwala anayamba kunyamulidwa pa njinga ndi pa ngolo, chifukwa panalibe wofuna kukwera chinthu chimene chinagwetsa maliro. Kwa ine sanasinthe. Ankandipatsa moni m'mawa, ankanditcha aphunzitsi, ankatumiza ana kudzandipatsa mango oyamba kupsa. Zimenezo zinkandiwotcha ngati makala pamutu.

Mvula itayamba, mkazi wanga anaona kuti bambo ake akusiya madontho a magazi pakhonde. Anawakhazika pansi, anawavula nsapato ya kumanja, n'kupeza msomali utalowa kupyola nsapato mpaka m'phazi. Phazi linali litatupa kale, likununkha. Iwo sankadziwa n'komwe. Kuchipatala anati ndi matenda a shuga, ndipo anadya mitsempha ya phazilo kalekale.

Madzulo ake, dzuwa lisanalowe, ndinakakhala nawo pakhonde.

"Bambo, phazili linayamba liti?"

"Chaka chatha. Limakhala ngati ndavala masokosi atatu. Ndikaponda buleki ndimadziwa ndi maso kuti ndaponda. Ndikatseka maso sindidziwa."

"Ndiye n'chifukwa chake munkachotsa giya."

"Poyamba chinali chizolowezi cha malole, monga munanenera. Kenako chinasanduka ndodo yanga."

"Bwanji simunandiuze tsiku lija?"

"Pamaso pa anthu a bawo?" Anaseka pang'ono. "Mukanauza mkazi wanu, iye akanabisa makiyi. Mwendo umodzi unandichotsa pa malole. Ndinkati winawu undisiyeko pang'ono."

Kenako ndinafunsa chimene chinkandisowetsa tulo.

"Ku bwalo kuja, bwanji simunanene kuti ndine ndinakuletsani?"

"Inu munawerenga buku. Amene anabweza dzanja ndine. Ndinkadziwa phazi langa, inu simunkalidziwa." Anakonza nsalu imene inakulunga phazi. "Komanso munthu uja anali pa chitseko. Muli ndi ana atatu, aphunzitsi. Ine ndatsala ndi chiyani choti andilande?"

Ndinkayembekeza kuti andidzudzula, ndipo chidzudzulo ndikanachinyamula. Chifundo chija chinandilemera kuposa.

Amakaniko ankabwera Lachisanu lililonse akachoka ku mzikiti, atanyamula nthochi kapena tinsomba touma. Mwa anzawo onse a apongozi, ndi iwo okha amene sanasiye kubwera. Tsiku lina ndinawaperekeza mpaka pamsewu.

"Tsiku lija munandidula, aphunzitsi," anatero. "Ndimalize?"

"Malizani."

"Ukaima poti uphethira kawiri n'kunyamuka, siya giya, ponda buleki. Pamenepo buku lanu lakhoza. Koma ukaima poti uchedwa, kapena patsogolo pako pali anthu, kapena maso ndi manja zikupita kwina, chotsa giya, koka handibuleki. Chitsulo chikadyeka timasula. Munthu sitimasula."

"Mukanabwera kudzanena ku bwalo."

"Ine wa kofiya ndikalowe m'bwalo la tchalitchi? Akanati mfiti yabwera ndi sing'anga wake. Munalimo ndinu."

Lamulungu lotsatira, zolengeza zitatha, sindinakhale pansi. Mwana wa malemu anali pa benchi yachitatu. Ndinauza mpingo zonse: za kabuku, za pansi pa mbawa, za dzanja limene linabwerera chifukwa cha nkhope yanga, za phazi losamva, ndi za kukhala chete kwanga pa tebulo la mlembi. Ndinawapempha kuti atuluke aone. Galimoto ndinali nditaikankhitsa mpaka pabwalo la tchalitchi, ndipo amakaniko anali ataima kunja kwa mpanda. Analowa m'galimoto, analiza injini, anaika pa D, anatulutsa miyendo yonse iwiri pa chitseko kuti aliyense aione, galimoto n'kuyamba kukwawa. Ana anaseka. Akuluakulu sanaseke. Ena anagwedeza mitu momvetsa. Mayi wina kumbuyo kwanga anati, "Ndiye bwanji inasankha tsiku limenelo?"

Akulu a mpingo anandiitanira pambali. Anati amva, ndipo ambiri a iwo akhulupirira. Koma chimene chinamangidwa abusa ali pa mpando sichingamasulidwe abusa palibe. Abusa athu anali ndi mipingo yambiri, ankafika kwathu kamodzi pa miyezi itatu, ndipo mitsinje inali itadzaza. Ndinawalembera kalata. Yankho linabwera lakuti nkhaniyo idzakhala yoyamba akadzafika.

Ndiyenera kulemba chinthu china chimene chimandichititsa manyazi kuposa zonse. Munthu amene ndinkamuopa uja sanandichite kanthu. Sanandinenere kulikonse, ntchito yanga sinagwedezeke, ndipo patapita zaka tinkapatsana moni pamsika. Chimphona chimene ndinagulitsira apongozi anga chinali chithunzithunzi cha mantha anga. Ndikanayankhula tsiku la bwalo lija, mwina sindikanataya ngakhale tsitsi limodzi.

Phazi linakana mankhwala. Chilonda chinakwera mpaka m'bondo, ndipo apongozi anakana kuti awadule mwendo. Anati umodzi anapereka kale. Masiku awo omaliza ankandipempha kuti ndiziwawerengera Mawu, makamaka za m'busa amene amasiya nkhosa zambiri kukafuna imodzi. Tsiku lina anandifunsa kuti abusa afika liti. Ndinati patsala masabata awiri.

"Awiri," anatero. "Tiyesa."

Anamwalira patatha masiku asanu, masana, mvula ikugwa.

Ndinapita kwa akulu a mpingo mmodzimmodzi, mpaka kugwada. Anandimvera chisoni, ena analira, koma lamulo linali lamulo. Amayi anabwera ndi nsalu zawo wamba. Mkulu mmodzi anapemphera pemphero lalifupi pakhomo. Munthu amene ananyamula maliro a mudzi wonse, amene ankavulira chipewa anamfedwa osawadziwa, anatuluka m'nyumba yake popanda nyimbo. Kunkangomveka mapazi m'matope. Ine ndinagwira ngodya ina ya bokosi, amakaniko anagwira ina, kofiya ili kumutu, ndipo palibe amene anawaletsa.

Titafika pamsewu pomwe paja, lole ina inkachokera cha ku Mdeka. Inaima patali ndi masamba. Ndinamva dalaivala akukoka handibuleki, kenako injini inazima. Anatsika, munthu wosamudziwa, anavula chipewa, n'kuima mumvula mpaka tonse titawoloka. Mkazi wanga, amene sanalire mokweza chimwalirireni bambo ake, analira pamenepo.

Abusa anafika pa tsiku limene ananena. Bwalo linakhala, nkhani inali yoyamba monga analonjezera, ndipo sinatenge nthawi. Linagamula kuti apongozi anga analibe mlandu, ndipo abwezeredwe pa ukulu ndi pa mgonero. Abusa anati, "Alembi, lembani." Ndinalemba, m'buku lomwe lija, masamba anayi kuchokera pamene ndinalemba chilango. Pa manda udzu unali utayamba kale kumera.

Galimoto inakhala pansi pa mango zaka zambiri, nkhuku zikuikiramo mazira. Pamene tinkaigulitsa kwa anthu ophwasula, amakaniko anabwera kudzaona, atakalamba, akuyendera ndodo. Anatsegula giyabokosi ija n'kundiitana.

"Taonani, aphunzitsi. Ilibe vuto lililonse. Ikanayenda zaka zina khumi."

Mkazi wanga anandikhululukira, ngakhale sananene tsiku limene anachita zimenezo. Tinakhala limodzi mpaka Ambuye anamuitana. Ndikhulupirira kuti Mulungu anandikhululukiranso, pakuti mwazi wa Mwana wake sulephera tchimo la mlembi wamantha. Ndikhulupiriranso kuti apongozi anapeza malo pa gome limene buku langa silinkatha kuwatsekera, ndipo nyimbo zimene tinawamana anazimva kwina. Koma kukhululukidwa sikufafaniza chimene maso anaona. Mpaka lero ndikatseka maso popemphera, nthawi zina ndimaona dzanja lija likunyamuka, kuima m'malere, n'kubwerera.

Masiku ano magalimoto a otomatiki adzaza msewu, ndipo mdzukulu wanga wamkazi ali nayo yake. Tsiku lina tili pa mzere wa magalimoto anandifunsa mongocheza ngati munthu ayenera kuika nyutulo akaima, chifukwa anzake amatsutsana. Ndinamuuza mawu a amakaniko, onse, mpaka kumapeto. Kenako ndinamuuza kuti akaona munthu wamkulu akuchita chinthu chooneka chachikale, ayambe wafunsa, pa awiri, chimene munthuyo akudziwa za thupi lake. Anati, "Agogo, funso laling'ono lomweli?" Sindinathe kumuyankha m'galimoto muja, n'chifukwa chake ndalemba.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, Mulungu wa chifundo akusungeni potuluka ndi polowa. Asunge mapazi anu pamene afooka inu osadziwa, akupatseni makutu omva mnzanu mpaka amalize, ndipo atsegule pakamwa panu tsiku limene wosalakwa adzaima yekha pa bwalo, abusa asanatseke buku. Mtendere wake ukhale pa nyumba zanu ndi pa misewu imene muyendamo. Amen.